Musanagule ndalama ya Aroma, itembenuzeni kaye

Funso limabwera mofanana nthawi zonse. Munthu watumiza chithunzi cha ndalama yachitsulo, nkhope ya mfumu ili poyera, pansi n'kulemba kuti: "Kodi ndi yeniyeni? Ndi yosowa? Ingagulidwe zingati?" Chithunzi cha mbali inayo palibe. Ndayankha mokwanira, tsono ndikulemba pano kamodzi kuti wofunsa mawa ndizingomulozera.

Tikunena za ndalama za mafumu a Roma, kuyambira Augustus mu 27 BC mpaka kugwa kwa ufumu wa kumadzulo mu 476 AD. Zaka zonse zotsatira ndi za AD. Mbali ya nkhope tiziitcha kumaso, inayo kumsana. M'makatalogi mupeza obverse ndi reverse. Kumaso kumakuuzani mwini ndalama. Kumsana ndiko kuli milungu, zilombo za m'nthano ndi zonse zimene mfumuyo inkafuna kuti anthu akhulupirire, ndipo kawirikawiri mtengo umasiyanira kumeneko.

1. Sankhani kagawo kamodzi

Wogula chilichonse chimene chamukongolera amatha chaka ali ndi kabokosi ka zinthu zosagwirizana, thumba litauma. Ambiri amayamba ndi loto la olamulira 12 otchedwa Caesar, kuchokera kwa Julius Caesar mpaka Domitian. Ine sindilangiza zimenezo. Pamndandandawo pali Otho, amene analamulira miyezi itatu yokha mu 69. Denarius yake, ndalama ya siliva, ndi yodula, ndipo akathyali amaikonda zedi.

Ngati chakukokani ndi nthano za milungu, yambani ndi Gallienus. Cha mu 267 ndi 268 ufumu unali pamoto: adani m'malire, Postumus atalanda Gaul n'kumadzitcha mfumu. Apo nyumba yosulira ndalama ya ku Rome inatulutsa mndandanda wopempha milungu kuti iteteze mfumu. Mulungu mwini wake saonekapo, pali chinyama chake basi. Yolembedwa SOLI CONS AVG ili ndi Pegasus, hatchi yamapiko. APOLLINI CONS AVG ili ndi centaur, munthu kumtunda hatchi kumunsi, kapena griffin, mkango wa mutu ndi mapiko a chiwombankhanga. NEPTVNO CONS AVG ili ndi hatchi ya mchira wa nsomba, LIBERO P CONS AVG kambuku, DIANAE CONS AVG nswala ndi agwape. IOVI CONS AVG ili ndi mbuzi, imene ambiri amati ndi Amalthea, ija inayamwitsa Jupiter ali khanda pachilumba cha Crete. CONS ndi chidule cha mawu otanthauza mtetezi.

Ndalama za zaka zimenezi n'zotsika mtengo chifukwa zafukulidwa zochuluka. Ku England kokha, nkhokwe ya Cunetio yopezeka mu 1978 inali ndi ndalama 54,951, ndipo ya Frome ya mu 2010 inali ndi 52,503, zambiri mwa izo za m'zaka za m'ma 200. Vuto lake nlakuti zinasulidwa mwachangu ndi zidindo zotha. Kupeza Pegasus wooneka nthenga ndi ziboda ndiye ntchito, ndipo ntchito imeneyo ndi imene imaphunzitsa diso.

2. Dziwani chimene mwagwira m'manja

Gulani zida zitatu: galasi lokulitsa kakhumi, sikelo ya dijito yowerenga mpaka 0.01 g, ndi choyezera mamilimita. Popanda izi mukungolota.

Pansi pa Augustus, aureus imodzi ya golide inali madenarius 25 a siliva, denarius imodzi masestertius 4, kapena ma-as 16. Denarius ya nthawi yake inkalemera pafupifupi 3.9 g. Nero anaichepetsa mu 64 kufika cha pa 3.4 g. Sestertius ndi chindalama cha mkuwa wachikasu, cha pa 25 g, chopitirira mamilimita 30 m'mimba mwake, ndipo chifukwa cha kukula kwake ndi pomwe amisiri ankajambula zithunzi zokongola kwambiri. Dupondius ndi as zimafanana msinkhu: mfumu ikavala chisoti cha minga ngati kuwala kwa dzuwa, nthawi zambiri ndi dupondius, ikavala nkhata ya masamba pa mkuwa wofiirira, ndi as.

Mu 215 Caracalla anabweretsa imene lero timati antoninianus, nayonso ya chisoti cha minga. Ya mkazi wa mfumu muidziwa ndi kamwezi kokhala pansi pa mapewa. Inayamba ili pafupifupi theka siliva, koma pofika masiku a Gallienus inali mkuwa wongopakidwa siliva pamwamba. Musadabwe ndiye mukaona yoderako. Diocletian anakonzanso ndalama cha mu 294, ndipo Constantine anabweretsa solidus ya golide ya 4.5 g.

3. Werengani zilembo za kumaso, osadalira dzina lokha

Yambirani kumunsi chakumanzere, muzungulire monga wotchi. Pa ndalama zambiri n'chimodzimodzi. V amaimira U. IMP ndi mkulu wa nkhondo, CAES ndi Caesar, AVG ndi Augustus, P M mkulu wa ansembe, P P tate wa dziko. S C ya kumsana kwa ndalama za mkuwa ikunena kuti nyumba ya malamulo inavomereza. DIVVS kapena DIVO ndiye kuti mfumuyo inali itafa kale n'kuikidwa pagulu la milungu, ndalamayo inasulidwa ndi wolowa m'malo.

Za chaka zili pa TR P ndi COS. Mphamvu ya TR P, ya woimira anthu wamba, inkawonjezedwa chaka ndi chaka, choncho nambala yake ndi kalendala. COS ndi udindo umene mfumu inkatenga apo ndi apo, ndipo ungakusokeretseni: Hadrian anakhala COS III mu 119 ndipo zilembozo sizinasinthe mpaka imfa yake mu 138.

Msampha waukulu ndi mayina. Palibe ndalama yolembedwa Caligula, Caracalla kapena Elagabalus. Amenewo ndi mayina ongowapatsa. Caligula ndi C CAESAR AVG GERMANICVS. Caracalla ndi Elagabalus onse awiri amalembedwa ANTONINVS PIVS, ndipo woyamba kumene amathamangira kunena kuti wapeza Antoninus Pius wa 138 mpaka 161. Yang'anani nkhope. Antoninus Pius ndi bambo wachikulire wa ndevu zodzadza. Caracalla wamkulu ndi wa tsinya, ndevu zazifupi, dzina lake likutha ndi BRIT kapena GERM. Elagabalus ndi mnyamata wa masaya, ndipo pa ndalama zake zambiri kumsana kuli kanyenyezi.

4. Muzindikireni amene waima kumsana

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangodutsa ndi mndandanda wa mayina a milungu, ngati kuti ndalama iliyonse inalembedwa dzina. Zambiri sizinalembedwe. Kumsana mupeza P M TR P COS III basi, pakati pali munthu wautali ngati njere ya mpunga, nkhope itafufutika zaka 1,800 zapitazo. Nkhope musaiyang'ane n'komwe. Amisiri a Roma ankazindikiritsa mulungu ndi zimene wanyamula, ndipo anthu wamba ankawerenga zizindikirozo osaganizira kawiri.

Dzifunseni mafunso asanu motsatana, mayankho muwalembe papepala musanatchule dzina lililonse. Ndi mwamuna kapena mkazi, wavala kapena ali maliseche? Kumutu kuli chiyani? Dzanja lamanja lagwira chiyani, nanga lamanzere? Kumapazi kuli chiyani? Waima, akuyenda, wakhala, kapena watsamira? Poyang'anapo zimitsani getsi lam'mwamba, muunike ndi tochi kuchokera chambali, kuwala kuzikwawa pamwamba pa ndalama. Zimene zimaoneka zosalala masana zimadzuka ndi mthunzi. Kumbukiraninso kuti katalogi ikati standing left ikunena kumanzere kwa inu woyang'ana, koma ikati right hand ikunena dzanja lamanja la chithunzicho.

Amuna savuta kwambiri. Wandevu wa ndodo yaitali yachifumu ndi mphezi m'dzanja, chiwombankhanga kumapazi, ndi Jupiter. Mphezi imajambulidwa ngati kamtolo komangidwa pakati, kosongoka mbali zonse ziwiri. Wandevu wa mkondo wa mano atatu, phazi litaponda mwala kapena mphuno ya ngalawa, ndi Neptune. Wamaliseche wa chisoti chankhondo, mkondo m'dzanja, zida zolanda kwa adani atasenza paphewa, ndi Mars. Chibonga ndi chikopa cha mkango ndi Hercules. Zeze ndi Apollo. Chisoti cha minga, dzanja lokwezedwa, chikwapu kapena mpira wa dziko ndi Sol, dzuwa. Ndodo yozengedwa ndi njoka imodzi ndi ya Aesculapius wa zochiritsa. Ya njoka ziwiri kunsonga ndi caduceus ya Mercury, amene amagwiranso kachikwama ka ndalama.

Akazi ndiwo amagwetsa anthu, chifukwa ambiri si milungu ya m'nthano koma makhalidwe ovekedwa thupi, ndipo pafupifupi onse avala mwinjiro umodzimodzi. Nyanga yodzadza zipatso, cornucopia, isakusangalatseni: amainyamula ambiri, siinena kanthu payokha. Yankho lili m'dzanja linalo. Tsigiro la ngalawa ndi Fortuna. Sikelo ndi Aequitas kapena Moneta. Caduceus ndi Felicitas. Nthambi ya azitona ndi Pax. Ngala za tirigu pamwamba pa muyeso wa mbewu ndi Annona, pomwe ngala ndi muuni ndi Ceres. Woyenda atagwira duwa, dzanja lina likukweza mpendero wa chovala, ndi Spes. Wotsamira chipilala miyendo atapingasa ndi Securitas kawirikawiri. Wodyetsa njoka m'mbale ndi Salus. Pikoko kumapazi ndi Juno, apulo m'dzanja ndi Venus, mikango iwiri pambali pa mpando ndi Cybele.

Atatu ovala chisoti chankhondo amasokonezedwa tsiku ndi tsiku. Minerva ali ndi mwinjiro wofika kumapazi, nthawi zina kadzidzi pambali. Roma, mulungu wamkazi woimira mzinda wa Rome, amakonda kukhala pa zida kapena pa chishango atanyamula kachithunzi ka Victoria wamapiko. Virtus wavala kachovala kofika m'mawondo, bere limodzi lili pamtunda, wagwira lupanga lalifupi m'chimake, phazi litaponda chisoti.

Tiyeseze ndi denarius imodzi yopezeka mosavuta. Kumaso: IMP CAES DOMIT AVG GERM P M TR P XII. Ndi Domitian. Analowa ufumu mu September 81, ndiye TR P XII ikugwa pakati pa September 92 ndi September 93. Kumsana: IMP XXII COS XVI CENS P P P, dzina la mulungu palibe. Chithunzi chagwira mphezi. Wothamanga anena kuti Jupiter. Koma funso loyamba ndi lachiwiri akukana: chovala n'chachikazi chofika pansi, kumutu chisoti chankhondo, dzanja lina mkondo, chishango chili pansi pambali. Ndi Minerva, mwana wa Jupiter amene nthano zimamulola kugwira mphezi ya bambo ake, ndipo Domitian ankamutenga ngati mtetezi wake. Madenarius ake a zaka zimenezo amabwereza Minerva m'maonekedwe anayi: wothamangira kunkhondo, woima pamphuno ya ngalawa ndi kadzidzi, wa mphezi uyu, ndi wa mkondo wokha. Chizindikiro chimodzi sichikwanira, ziwiri kapena zitatu zigwirizane.

Mukamudziwa mulunguyo, funsani chifukwa chake ali pa ndalama ya mfumu imeneyi chaka chimenechi. Kukoma kwa ntchito yonseyi kuli pamenepa. Commodus m'zaka zake zomaliza anadziveka chikopa cha mkango kumutu, kumsana n'kulemba HERCVLI ROMANO pambali pa chibonga; anaphedwa tsiku lomaliza la 192. Antoninus Pius, mzinda wa Rome ukuyandikira zaka 900, anasula Aeneas atasenza bambo ake Anchises pothawa Troy, ndi Mars akutsikira Rhea Silvia ali mtulo, uja anadzabereka Romulus ndi Remus. Philip mu 248 anakondwerera zaka 1,000 ndi SAECVLARES AVGG, pali mkango, mmbulu woyamwitsa mapasa, ndi mvuu pa ndalama ya mkazi wake Otacilia Severa. Septimius Severus, wobadwira ku Leptis Magna m'dziko la Libya lamakono, anaika Dea Caelestis wa ku Carthage atakwera mkango. Hadrian anajambula Africa ngati mkazi wovala mutu wa njovu, chinkhanira m'dzanja. Ndipo Constantine, amene timamudziwa ndi Chikhristu, anapitiriza kusula SOLI INVICTO COMITI, dzuwa losagonja bwenzi la mfumu, kwa zaka zingapo pambuyo pa nkhondo ya pa Milvian Bridge ya mu 312.

Pomaliza yang'anani pansi pa mzere umene chithunzi chaimapo. Pa ndalama za kumapeto kwa zaka za m'ma 200 kupita m'tsogolo pamakhala chidule cha mzinda: PLN ndi London, TR ndi Trier, SIS ndi Siscia, AQ ndi Aquileia, ALE ndi Alexandria, SMN ndi Nicomedia. Chilembo chowonjezera, A, B, Γ, Δ kapena P, S, T, chikunena chipinda cha amisiri chimene chinasula.

5. Ipezeni m'katalogi, mawu akuti rare muwakayikire

Buku limene aliyense amatchula ndi Roman Imperial Coinage, mwachidule RIC, loyambidwa ndi Harold Mattingly ndi Edward Sydenham mu 1923. Simuyenera kuligula. American Numismatic Society inaika mitundu yake pa intaneti kwaulere pa dzina la OCRE, ndipo mutha kufufuza ndi dzina la mfumu, la mulungu kapena zilembo zimene mwawerenga. Nambala ya RIC ya wogulitsa muitsimikize nokha.

Zilembo C (yochuluka), S (yochepa) ndi R (rare, yosowa) za m'mabuku akale a RIC zinawerengedwa kuchokera ku zimene zinali m'nyumba zosungira zakale nthawi imeneyo, makina ofufuzira zitsulo pansi asanadzaze msika. R ya 1930 lero ikhoza kukhala yamba. Njira yabwino ndi kuwerenga kangati mtunduwo wagulitsidwa pa okushoni zaka zapitazi, ndi pamtengo wanji.

Kusowa ndi kudula ndi zinthu ziwiri. Denarius ya Tiberius yolembedwa PONTIF MAXIM, imene ambiri amati ndiyo anamuonetsa Yesu pa nkhani ya msonkho wa Kaisara, inasulidwa yochuluka ku Lugdunum, Lyon wamakono. Si yosowa, koma ndi yodula chifukwa oifuna ndi ambiri. Kandalama ka mkuwa ka chipinda china cha ku Siscia kangakhale kosowadi koma wokafuna palibe. Kusowa kwenikweni ndi kwa Domitianus, wodzitcha mfumu wa cha mu 271, osati Domitian uja: ndalama yake imodzi inapezeka ku France mu 1900, akatswiri ena n'kuikana, mpaka ina itatuluka mumtsuko ku Chalgrove ku Oxfordshire mu 2003. Ili ku Ashmolean Museum. Zotero sizigulitsidwa pa Facebook.

6. Yesani ngati ndi yeniyeni

Ndalama za Aroma zinkasulidwa: kachidutswa ka chitsulo pakati pa zidindo ziwiri, nyundo pamwamba. N'chifukwa chake zilembo zake zimadzuka zakuthwa, timizere tosaoneka bwino timatuluka pakati kulowera m'mphepete, ndipo m'mbali mumatha kung'aluka pang'ono. Zabodza zambiri ndi zothira m'chikombole. Zimaoneka zofewa ngati zasungunuka, pamwamba pali timaenje ndi timatuza, m'mphepete muli msoko kapena zipsera za tupa pomwe anaufufuta. Ikani pasikelo. Yesani maginito: golide, siliva ndi mkuwa sizikokedwa. Mukaona ndalama ziwiri zofanana chilichonse, mpaka kupotoka kwa mkombero ndi zokanda, zonse ndi ana a chikombole chimodzi.

Mayeso amenewa amagwira zabodza zamba. Zosulidwa ndi zidindo zatsopano zimapusitsa ngakhale akatswiri, ndipo luso limeneli nlakale: Giovanni da Cavino wa ku Padua ankapanga masestertius m'zaka za m'ma 1500, Carl Wilhelm Becker kumayambiriro kwa m'ma 1800. Sestertius ya Otho ya ku Rome mukaiona ithaweni, chifukwa Rome sanasule ndalama za mkuwa m'dzina lake.

Mawu atatu a ogulitsa muwadziwe. Fourrée ndi yabodza yakalekale, mkuwa wokutidwa ndi siliva; ili ndi mbiri yake koma isagulidwe pamtengo wa siliva. Smoothed ndiye kuti anapala pamalo opanda chithunzi. Tooled ndiye kuti munthu wa lero anagoba tsitsi, zilembo kapena chibonga cha Hercules ndi chitsulo kuti zioneke zatsopano. Yoteroyo yawonongeka, ndipo masestertius ndiwo amachitidwa zimenezi kwambiri.

7. Funsani kumene yachokera, kenako mugule

Mbiri ya eni ake, provenance, ndi gawo la mtengo. Maiko monga Italy, Greece, Turkey, Bulgaria ndi Egypt ali ndi malamulo okhwima pa zofukulidwa, ndipo pangano la UNESCO la 1970 ndilo malire amene osonkhanitsa amayang'ana. Ndalama ya golide ya Brutus, mmodzi mwa amene anapha Julius Caesar, yolembedwa EID MAR inagulitsidwa ku London mu 2020 pamtengo woposa madola 4 miliyoni, koma mu 2023 inabwezedwa ku Greece zitadziwika kuti mapepala a mbiri yake anali opeka. Amene muli ku England kapena Wales ndipo mwatola zanu m'munda, lamulo la Treasure Act 1996 likukukhudzani. Kanenani kudzera ku Portable Antiquities Scheme. Kwathu kuno Aroma sanafike, malire awo a kumwera anathera cha ku Egypt, ndiye wokuuzani kuti wafukula denarius kuseri kwa phiri la kwawo mungomuthokoza n'kudutsa.

Gulani kwa wogulitsa wolonjeza polemba kuti ikadzapezeka yabodza adzabweza ndalama zanu, zaka zingapite bwanji. Pa okushoni, mtengo wa nyundo si womaliza: amawonjezera gawo lawo, kawirikawiri cha pa 20 peresenti, ndiye kutumiza ndi msonkho. Werengerani zonsezo musanakweze dzanja. Mapaketi a ndalama zosatsuka, uncleaned lots, asiyeni. Anasankhamo kale zabwino.

8. Musaitsuke

Ndalama si poto. Phulusa, mchenga, mandimu, viniga, Brasso, zonsezi zimachotsa patina, khungu lobiriwira kapena lakuda limene chitsulo chapanga m'zaka mazanamazana, ndipo likachoka silibwerera, mtengo umapita nalo. Ngati pali dothi lenileni, ivikeni m'madzi a distilled, aja othira m'batire ya galimoto, musinthe madziwo masiku angapo, mutokose ndi kamtengo kotokosera m'mano, muumitse bwinobwino.

Chimodzi chokha chimafuna changu. Patina yabwino ndi yolimba, siichoka ndi chala. Mukaona ufa wobiriwira mowala ukufumbuka m'kabowo, umenewo ndi bronze disease: mchere wa m'nthaka ukudya mkuwa mothandizidwa ndi chinyezi, ndipo susiya wokha. Ipatuleni kwa zinzake, ichotseni ufawo ndi kamtengo, ikhale pouma kwambiri, mufunse wodziwa kukonza zakale.

Gwirani m'mphepete ndi manja osamba, pamwamba pa nsalu. Sungani m'timaenvulopu ta pepala lopanda asidi kapena ta pulasitiki yolimba. Pulasitiki yofewa ya PVC imatulutsa utomoni wobiriwira womata pa chitsulo. M'bokosimo ponyanimo timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo nyengo ya mvula muzitisintha. Ndalama iliyonse ikhale ndi kakhadi kake: mfumu, mtundu, kulemera, mamilimita, zilembo za mbali zonse, amene ali kumsana ndi zimene wanyamula, nambala ya RIC, kumene munagula ndi tsiku. Kakhadi ka wogulitsa ndi ka eni ake akale musataye, ngakhale kali kong'ambika kolembedwa ndi pensulo m'Chijeremani. Kapanikizeni kumbuyo kwa kanu, risiti muisunge m'fayilo ina, ndipo mujambule ndalamayo mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe.